Kope liyambe, foni ibwere pambuyo

Masiku ano mwini golosale ku Kawale kapena wogulitsa zipangizo za galimoto ku Biwi sachedwa kulangizidwa kuti agule kompyuta kapena pulogalamu ya pafoni yoti izimuwerengera katundu. Makinawo ndi abwino, koma amangowerengera zomwe munthu wawapatsa. Nchifukwa chake makampani akuluakulu amayamba aunika kaye momwe katundu ndi ndalama zikuyendera asanasankhe makina ogula. Wa geni yaing'ono naye ayenera kuyambira pomwepo, ndipo kuteroko sikulira ndalama.

Choyamba ndi kuwerenga makomo omwe ndalama imalowera ndi kutulukira. Kale khomo lolowera linali limodzi, ndalama ya pamanja. Chibwerereni Airtel Money mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, makomowa ndi atatu, ndipo lachinayi ndi la angongole. Potulukira mpambiri: kuoda, kabaza, tikiti ya pamsika, banki mkhonde, ndiwo za kunyumba. Ambiri amalemba za pamanja zokha, pomwe ya pafoni imasakanikirana ndi yotumiza kumudzi komanso yogulira mayunitsi a magetsi. Mpamba umathera pamenepo. Nambala ya foni ya bizinesi yokha imatseka khomo limeneli.

Chachiwiri ndi muyezo. Mayi wooda mtedza ku Mgona amagula pa sikelo, koma ku Chinsapo amakagulitsa pa mbale kapena pa mulu. Ngati sanawerengepo kuti thumba limodzi limatulutsa mbale zingati atachotsa woola, sangadziwe phindu lake ngakhale atakhala ndi kompyuta. Chimodzimodzi wa kaunjika: belo ikatsegulidwa, zovala ziwerengedwe ndi kugawidwa m'magulu tsiku lomwelo.

Zikadziwika izi, kope ligawidwe panayi: zooda, zogulitsa, angongole, ndi zomwe mwini watenga kupita nazo kunyumba. Wangongole aliyense akhale ndi tsamba lake, tsiku lotenga ndi tsiku lomwe walonjeza kubweza. Malisiti a kooda asatayidwe. Mashopu olembetsa msonkho wa VAT ali ndi udindo wopereka lisiti, ndipo lisitilo ndiwo umboni wa mtengo ndi tsiku.

Patsamba la zooda pakhale mizere iwiri: mtengo womwe katundu anagulidwira, ndi mtengo woodera lero. Mzere wachiwiriwu ndiwo umapulumutsa mpamba. Mu November 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mwachitsanzo, katundu wakunja woodedwa pa K10,000 akatsata kukwera kotereku amafika cha pa K14,400. Womugulitsa pa K12,000 amaona ngati wapindula K2,000, koma akabwerera kooda amapeza kuti yaperewera K2,400. Kope lolemba mtengo wakale wokha limamunamiza mwini wake.

Kenako pagwirizanidwe wolemba ndi nthawi yolembera. Ngati pa okala amasinthana bambo, mayi ndi mnyamata wa ntchito, onse alembe m'kope limodzi, ndipo madzulo aliwonse ndalama ya pamanja ndi ya pafoni ifananizidwe ndi zolembedwazo. Kusiyana kwa tsiku limodzi kumapezeka msanga; kwa mwezi wathunthu kumathetsa chibale.

Kope likayenda miyezi iwiri kapena itatu osadumpha tsiku, pamenepo mpoganizira makina. Wogulitsa pulogalamu afunsidwe zinthu zinayi. Kodi imagwira ntchito popanda bandulo? Nanga magetsi akazima tsiku lonse ku Area 23 kapena ku Area 25? Foni ikabedwa, mndandanda wa angongole ukapezeka kuti? Ndipo malipiro ake ndi a kamodzi kapena a mwezi ndi mwezi? Akazemba funso lachitatulo, kope la m'golosale likadali bwino kuposa pulogalamuyo.