ZITHUNZI ZOPHUNZITSA ZA PACHIPATALA ZINGATHE KUPANGIDWA KUFUPI NDI MUDZI

Munthu amene akudikira pa benchi pachipatala cha Chintheche, Kande kapena Mpamba amakhala ndi nthawi yokwanira yoyang'ana pakhoma. Pamenepo pamamatidwa zithunzi zophunzitsa za katemera, malungo, likodzo ndi kolera. Zambiri mwa zithunzizi zimasindikizidwa kutali, ndipo mawu ake amakhala a Chingerezi kapena Chichewa, pamene m'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay anthu amalankhula Chitonga. Gogo amene sadziwa kuwerenga amadalira chithunzi chokha. Chikapanda kumveka, uthenga wonse watayika.

Nkhaniyi si yaing'ono ayi. Mliri wa kolera umene unabuka mu Marichi chaka cha 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nkhata Bay inali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Pa nthawi yotere, uthenga wochedwa kapena wosamveka umaika miyoyo pangozi.

Chithunzi chomveka ndi chotani?

Andreas Fuglesang, wa ku Norway, amene ankagwira ntchito ku bungwe loona za zakudya ku Lusaka m'dziko la Zambia, anafufuza za funso limeneli, nalemba zimene anapeza m'buku lake la mu 1973. Iye ankaonetsa anthu osadziwa kuwerenga zithunzi zamitundumitundu. Anapeza kuti anthu ankazindikira msanga chithunzi chojambulidwa ndi kamera chimene zakumbuyo zonse zafafanizidwa, nkutsala munthu yekha ndi chimene akuchita. Masiku amenewo ntchito yofafanizayi inkafuna mmisiri wa luso pogwiritsa ntchito utoto kapena lumo. Lero kompyuta imaichita pa kanthawi kochepa.

Komabe mapulogalamu otchuka okonzera zithunzi ndi okwera mtengo. Kuyambira mu 2013, kampani ya Adobe inaleka kugulitsa Photoshop yatsopano kamodzinkamodzi, ndipo woigwiritsa ntchito amalipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Ena amathawira ku makope akuba, amene ndi oletsedwa ndi lamulo ndiponso kawirikawiri amabwera ndi mavairasi oononga kompyuta.

Zida zaulere zilipo

Mu 1983 Richard Stallman wa ku America anayambitsa ntchito yotchedwa GNU, ponena kuti munthu ayenera kukhala ndi ufulu wogwiritsa ntchito pulogalamu, kuona mmene inapangidwira, kuisintha ndi kugawira anzake. Potsata maganizo amenewa, mu 1995 ophunzira awiri a pa yunivesite ya ku Berkeley, Spencer Kimball ndi Peter Mattis, anayamba kupanga GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi za kamera. Anthu odzipereka a m'mayiko ambiri akhala akuikonzabe, ndipo GIMP 3.0 inatuluka mu 2025.

Palinso Inkscape, imene inayamba mu 2003. Iyi ndi yojambulira zilembo ndi zizindikiro, ndipo chojambulidwa nacho sichichita chimbuuzi ngakhale chikulitsidwe kufika pa chikwangwani cha pamsewu. Scribus imayala mawu ndi zithunzi pa tsamba la kabuku kapena kalata yankhani.

Mapulogalamuwa akalowetsedwa m'kompyuta safunanso intaneti. Munthu mmodzi angawatenge ku Mzuzu kapena pa boma, nkuwasunga pa fulashi, nkukagawira anzake mpaka ku Usisya, kumene msewu ndi wovuta ndipo ambiri amafikako pa boti. Potero sanabe kanthu, pakuti eni ake analoleza.

Kapangidwe kake

Mlangizi wa zaumoyo kapena wachinyamata wodziwa kompyuta angajambule ndi foni mayi akusambitsa mwana m'manja ndi sopo asanadye kondowole, kapena msodzi akuthira mankhwala a kolorini m'ndowa pambali pa bwato lake. Ndi GIMP angafafanize mitengo, nkhuku ndi anthu odutsa, kuti diso ligwere pa manja ndi sopo pokha. Ndi Inkscape angalembe mawu ochepa a Chitonga m'zilembo zazikulu. Chithunzi chimodzi chinyamule uthenga umodzi basi.

Pali malamulo atatu oyenera kusungidwa. Loyamba, munthu asajambulidwe popanda chilolezo chake, makamaka wodwala. Ngati ndi mwana, avomere ndi makolo. Lachiwiri, mawu onse okhudza mankhwala ndi muyeso wake aonedwe ndi achipatala asanasindikizidwe, chifukwa kulakwitsa nambala imodzi kungapweteke anthu. Lachitatu, chithunzi chiyesedwe. Wopanga achionetse kwa anthu angapo pa doko kapena pa sikelo ya ana, nkuwafunsa kuti, "Kodi mukuonapo chiyani apa?" Akayankha zosiyana ndi cholinga, cholakwa ndi cha chithunzi, osati cha anthuwo, ndipo chiyenera kukonzedwanso.

Apa ndi pamene obwera kuchipatala ali ndi mbali yawo. Amene sakumvetsa chithunzi cha pakhoma asachite manyazi kufunsa namwino kapena mlangizi tanthauzo lake. Akafunsidwa maganizo pa chithunzi chatsopano, anene zoona, pakuti yankho lawo ndilo limaongolera dzanja la wojambula.