Pogula Matayala a Galimoto za M'misewu ya Fumbi, Yambani Mwawerenga Nambala

Mvula ikayandikira, maofesi a Boma, zipatala za m'maboma ndi sukulu za mishoni zimayamba kuitanitsa matayala atsopano a galimoto zawo zoyenda m'misewu ya fumbi. Kawirikawiri ntchito imeneyi imayenda motere: dalaivala anena kuti matayala asalala, kalaliki alembera masitolo atatu kuti atchule mitengo, ndipo mkulu wa ofesi asainira sitolo yotchipa koposa. Pa makalata onsewo pamalembedwa kukula kwa tayala ndi mtengo wake, koma nambala imodzi imene isunga moyo wa okwera siilembedwa konse. Nambala imeneyo ndiyo yonena kulemera kwa katundu amene tayala limodzi likhoza kusenza.

Nkhani iyi si ya amakaniko okha. Galimoto imene tikunena pano ndiyo yothamangitsa mayi wapakati ku chipatala chachikulu usiku, ndiyo yopereka mapepala a mayeso ku sukulu zakutali, ndiyonso yokwera ana a sukulu popita ku mpira. Iye amene asaina kalata yogulira matayala ali ndi mbali pa ulendo uliwonse wa galimotoyo, ngakhale mwini wakeyo sanagwirepo chiwongolero. Motero ayenera kudziwa chimene akusainira.

Zolembedwa m'mbali mwa tayala

M'mbali mwa tayala lililonse muli manambala ndi zilembo zimene munthu wodziwa kuwerenga angaziphunzire tsiku limodzi. Titenge chitsanzo cha matayala amene amabwera ndi galimoto zambiri za Toyota Hilux, olembedwa kuti 265/65R17 112S. Nambala ya 265 ndiyo mamilimita a m'lifupi mwa tayala. Ya 65 itanthauza kuti msinkhu wa m'mbali mwake, kuchokera pa chitsulo cha gudumu chimene amati limu kufika kunja kwa tayala, ndiwo magawo 65 pa 100 a m'lifupimo. Chilembo cha R chisonyeza kapangidwe kotchedwa radial, kamene kampani ya Michelin ya ku France inakatulukira mu 1946. Ndipo 17 ndiwo mainchesi a limu.

Ogula ambiri amalekeza pamenepo, chikhalirecho mutu wa nkhani uli patsogolo. Nambala ya 112, imene opanga matayala amaitcha load index, si makilogalamu ayi, koma chizindikiro chabe chimene tanthauzo lake lili m'ndandanda umene makampani onse amatsata. M'ndandanda umenewo 100 aimira makilogalamu 800, 104 aimira 900, 108 aimira 1,000, 112 aimira 1,120, 116 aimira 1,250, ndipo 120 aimira 1,400. Chilembo chotsiriza chinena za liwiro limene tayala likhoza kupirira litasenza katundu ameneyo: Q ndi makilomita 160 pa ola, S ndi 180, T ndi 190.

Tsono chofunika kuchimvetsa ndi ichi: matayala awiri a kukula kumodzi akhoza kusiyana mphamvu kwambiri. Kukula komweko kwa 265/65R17 kumapezekanso pa matayala olembedwa LT, ndiye kuti opangidwira galimoto zonyamula katundu, okhala ndi manambala 120/117. Yoyambayo ndi ya tayala loima lokha, yachiwiriyo ndi ya matayala oikidwa awiriawiri monga kumbuyo kwa lole. Onse awiri, la 112 ndi la 120, alowa pa limu imodzimodzi, ndipo maso sangawasiyanitse msanga, koma pakati pawo pali makilogalamu 280 pa gudumu lililonse.

Masamu a magudumu akumbuyo

Ena amatenga kulemera kwa galimoto yonse, nagawa panayi, nati tayala lililonse lisenza gawo limodzi. Masamu amenewa ndi olakwika. Pa galimoto ya bokosi kumbuyo, katundu wambiri amatsamira pa magudumu akumbuyo. Chifukwa chake opanga galimoto amalemba padera, pa kachitsulo kokhomedwa pa galimotoyo kapena m'buku lake, kulemera kololedwa kutsogolo ndi kololedwa kumbuyo. Tiyerekeze kuti palembedwa makilogalamu 1,900 kumbuyo. Pamenepo tayala lililonse lakumbuyo liyenera kusenza 950, ndipo nambala yake m'ndandanda uja ndi 106. Amenewo ndiwo malire apansi penipeni, osasiya mpata uliwonse.

Mpata ufunika, pakuti msewu wa fumbi sugawa katundu mofanana. Galimoto ikamakwera msewu wa Golodi kuchokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia, kulemera kumathawira kumbuyo, ndipo pa ngodya iliyonse kumatsamira mbali imodzi. Gudumu limodzi likagwera m'chigwembe, limasenza lokha zimene awiri akadagawana. Ku America malamulo amati tayala la galimoto yaing'ono likaikidwa pa galimoto yonyamula katundu, mphamvu yake igawidwe ndi 1.1, kotero kuti makilogalamu 1,120 aja amatsika kufika pafupifupi 1,018. Lamulo loyenera kulisunga tsono ndi lakuti tayala latsopano lisakhale ndi nambala yochepera imene wopanga galimoto analemba.

Komanso tisanamizidwe kuti tayala lamphamvu limakuza galimoto. Masipuling'i, mabuleki ndi zitsulo za pansi zimakhalabe zomwe zija. Matumba 20 a simenti kapena a chimanga a makilogalamu 50 ndiwo makilogalamu 1,000, ndipo pa galimoto zambiri za mtundu umenewu katundu wotere wafika kale pa malire kapena wawapitirira, tisanawerenge anthu okwera, zigubu za mafuta, sipeya wachiwiri ndi zitsulo zowonjezera kutsogolo ndi padenga.

Za mapulayi

M'masitolo mumamvekabe mawu akuti tayala la mapulayi 8 kapena 10. Kalekale matayala ankapangidwa ndi nsalu za thonje zosanjikiza, ndipo mphamvu yake inkayesedwa powerenga nsaluzo. Lero m'tayala muli waya ndi ulusi wolimba kuposa thonje, kotero kuti tayala lolembedwa 10PR lilibe nsalu 10, koma lili ndi mphamvu yoyerekezedwa ndi yakaleyo. Makampani ena amalemba zilembo m'malo mwake: C ndi mapulayi 6, D ndi 8, E ndi 10.

Tayala la mapulayi ambiri limapirira miyala ndi ziputu, ndipo pa misewu yonga yokwera ku Nyika kuchokera ku Rumphi ubwino wake umaoneka. Koma lili ndi mtengo wake wina: ndi lolemera, limadyetsa mafuta ambiri, ndiponso ndi louma, kotero kuti wodwala wogona m'ambulansi amamva bampu iliyonse. Chotero si nzeru kungoti tipatseni lolimba koposa. Galimoto yonyamula simenti ndi galimoto yoyendera sukulu zisagulidwire matayala mofanana popanda kuganizira ntchito yake.

Wosenza katundu ndi mpweya

Nambala ya katundu ija imakhala yoona pokhapokha m'tayala muli mpweya wokwanira, pakuti chimene chimasenza galimoto ndi mpweya, ndipo tayala ndi chosungiramo chake. Matayala ambiri a C amafika pa mphamvu yawo yonse ndi mpweya wa 50 psi, a D ndi 65, a E ndi 80. Tayala la LT limafuna mpweya wochuluka kuposa la galimoto yaing'ono kuti lisenze katundu yemweyo. Motero ofesi imene yagula matayala a E, dalaivala n'kumawapopa monga ankapopera akale, yalipira mphamvu imene siikuigwiritsa ntchito. Wogulitsa afunsidwe mpweya woyenera katundu wa galimotoyo, ndipo yankho lilembedwe m'buku la maulendo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Tayala la mpweya wochepa limapindikapindika poyenda, kupindikako kumabala kutentha, ndipo kutentha kumamatula mphira pa waya. Dziko linaphunzira zimenezi mowawa mu August 2000, pamene kampani ya Firestone inaitanitsa matayala 6.5 miliyoni kuti abwezedwe, ambiri a iwo a pa galimoto za Ford Explorer. Mphira wakunja unkasupuka galimoto ili pa liwiro, galimoto n'kugubuduzika, ndipo ku America kunafa anthu oposa 200. Ofufuza anapeza zolakwika pa kapangidwe ka matayalawo, koma anapezanso kuti kutentha, mpweya wochepa, katundu ndi liwiro zinakulitsa vutolo, ndipo ngozi zambiri zinachitika m'madera otentha. Woyendetsa galimoto yodzaza ku Chikwawa ndi ku Nsanje m'mwezi wa October asaiwale nkhani imeneyi.

Mpweya uyesedwe m'mawa matayala asanatenthe. Ukakwera pa ulendo, usaphwetsedwe, pakuti kukwerako ndi kwa kutentha chabe. Pa mchenga wa kunyanja nkoyenera kuchepetsako mpweya kuti tayala lifutukuke, koma pamenepo mphamvu yake yatsika, choncho galimoto iyende pang'onopang'ono, ndipo ipopedwenso isanabwerere pa tala.

Mano ndi kukula kwa tayala

Nambala ikakwanira, ndipo pamene tiyang'ane mano. Matayala olembedwa H/T ndi a pa tala. A M/T, a mano akuluakulu otalikirana, amaluma bwino m'matope a makande, koma pa tala amalira, amatha msanga, ndipo pa tala wonyowa sagwira bwino mabuleki. A A/T ali pakatikati, ndipo ndiwo oyenera galimoto imene imayenda theka la ulendo pa msewu wa M1, theka linalo m'fumbi.

Ena amakonda kukuza matayala kuti galimoto ikwere m'mwamba. Tayala la 265/65R17 ndi lalitali pafupifupi mamilimita 776, pamene la 265/70R17 ndi 803. Kusiyana kumeneku, kopitirira pang'ono magawo 3 pa 100, kumanamiza mawotchi a galimoto: wotchi ikati 100, liwiro lenileni ndi 103, ndipo ikawerenga makilomita 1,000, galimoto yayenda pafupifupi 1,034. Kalaliki wowerengera mafuta adzapeza kuti mabuku sakugwirizana, ndipo dalaivala wosalakwa adzakayikiridwa. Kuwonjeza apo mabuleki amavutika ndipo galimoto imafooka pa chitunda.

Matayala onse anayi, pamodzi ndi sipeya, akhale a kukula kumodzi ndi mtundu umodzi. Galimoto ikamakoka ndi magudumu onse anayi, akutsogolo ndi akumbuyo ayenera kuzungulira mofanana, ndipo akasiyana msinkhu magiya ndiwo amalipira.

Zaka za tayala

Mphira umakalamba ngakhale tayala lili chikhalire m'sitolo. Pa mapeto a mzere woyamba ndi zilembo DOT pali manambala anayi, ndipo kalembedwe kameneka kanayamba mu 2000. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka, kotero kuti 2319 itanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. A Michelin amalangiza kuti tayala likatha zaka 5 liziyesedwa ndi katswiri chaka chilichonse, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe, ngakhale mano alipo. Sipeya, amene amakhala padzuwa zaka zambiri osatsitsidwa, ndiye woyamba kumuyang'ana.

Apa ndi pamene pali vuto la matayala a kaunjika. Mano akhoza kuoneka atsopano, koma wogula sangaone ngati tayalalo linayendapo lophwa kapena linaduka waya m'kati. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama zopulumutsidwa pa tayala lotere sizingalipire ngakhale tsiku limodzi la ambulansi yogona panjira.

Tsono kalata yoitanitsira matayala ikhale ndi zinthu zisanu: kukula konse monga kwalembedwera, nambala ya katundu yosachepera ya wopanga galimoto, chilembo cha liwiro, mtundu wa mano, ndi chaka chimene tayala linapangidwa. Masitolo atatu aja akatchula mitengo ya chinthu chimodzimodzi, pamenepo kusankha yotchipa kudzakhala kusamala chuma cha anthu. Ndipo matayala akafika, wolandira katundu asasaine asanagwade ndi kuwerenga yekha zolembedwa m'mbali mwa lililonse.