Lamba wa Chigayo Ayesedwa pa Kompyuta

Amayi amene amalaŵirira kuchigayo amakudziŵa bwino kulira kwa lamba pamene mota yangoyatsidwa kumene. Kulirako n'kuterereka. Mota yanyamuka mwaukali, koma nyundo za chigayo n'zolemera ndipo sizidzuka msanga. Lamba ndiye amasenza mkangano wa ziŵirizi.

Papepala nkhaniyi njapafupi. Magetsi a ku Malaŵi amasinthasintha ka 50 pa sekondi, motero mota ya mapolo anayi imazungulira pafupifupi ka 1,450 pa mphindi. Gudumu la mota likakhala masentimita 30 m'mimba mwake, la chigayo masentimita 15, nyundo zidzazungulira ka 2,900. Komatu masamu ameneŵa amaiŵala kuti lamba amatamuka, amatentha, ndiponso amatha.

Apa mpamene akatswiri amatembenukira ku kompyuta. Ndi pulogalamu yonga Simulink amamanga chigayo chosaoneka: mota amaipatsa mphamvu zake, nyundo kulemera kwake, ndipo lamba amamuŵerengera ngati sipuling'i yokhoza kutamuka ndi kuterereka. Akachiyatsa, mizere imaonetsa mota ikukoka magetsi ochuluka kasanu kapena kasanu ndi kaŵiri kuposa a nthaŵi zonse, kufikira nyundo zitagwira liŵiro. Kenaka amathira chimanga chambiri nthaŵi imodzi, kapena kutsekereza nyundo ngati mwaloŵa mwala, naona chimene chiyambe kugonja.

Lamba wokhwepa amaterereka n'kupsa. Womangitsa amadya mabering'i a mota, ndipo ichi ndicho cholakwa chimene eni zigayo ambiri amachiyesa nzeru. Chodabwitsa n'chakuti kuterereka pang'ono kuli ndi ubwino wake: nyundo zikaima mwadzidzidzi, lamba amayamba ndiye kuvulala, mota n'kupeza mpata woti izimitsidwe. Lamba amagulika msanga, pamene mota ikapsa chigayo chimatsekedwa kufikira atakulunganso waya wake, amayi n'kumasenza matumba kupita kumudzi wina.

Leonhard Euler anaonetsa kale kuti chingwe chimagwira zolimba malinga ndi m'mene chakulungira mtengo, n'chifukwa chake kuterereka kumayambira pa gudumu laling'ono. Mu 1917 John Gates wa ku Denver anapanga lamba wooneka ngati V, woloŵa m'ngalande ya gudumu ngati mphero, kuti agwire popanda kumangitsa. Zonsezi kompyuta imaŵerengera. Fumbi la ufa lokhala pa lamba, kapena mafuta odontha kuchokera ku bering'i, imazidziŵa pokhapokha woyesayo ataziika m'masamu ake.