Jacaranda ndi mkamwini chabe

Mdzukulu wanga wa ku Kawale, ali pakati polemba ntchito ya kusukulu, anandifunsa kuti, "Agogo, kodi chomera choimira dziko lathu n'chiti?" Sindinachedwe, ndinaloza jacaranda amene anali atayala maluwa ake mumsewu ngati mphasa, monga amachitira mu Okutobala. Ndinamunamiza mwanayo, ndipo inenso ndakhala ndikuganiza choncho zaka zambiri.

Jacaranda ndi mkamwini. Kwawo ndi ku South America, kuno anachita kubwera naye. Wakhalitsa, tamuzolowera, koma mbumba si yake.

Chizindikiro cha dziko chili ngati yunifolomu ya timu ya mpira: pamakhala wina wosankha n'kulengeza. Kwathu kuno, mu 1984 Kamuzu Banda analengeza kuti mkungudza wa ku Mulanje ndiwo mtengo wa dziko lino. Padziko lonse, mtengowu umamera wokha pa phiri la Mulanje basi. Matabwa ake amanunkhira, chiswe sichiwayamba dala, ndipo ubwino womwewo ndiwo waupha: ocheka matabwa atsala pang'ono kuumaliza.

A ku Zimbabwe anasankha duwa lotchedwa flame lily, lofiira mosakaniza ndi chikasu, lopindikira m'mwamba ngati malawi a moto. Malawi, tangomvani! Mwina likanatiyenera ife. Duwali silidziwa malire, limameranso m'tchire mwathu m'dzinja, likuyanga pa zitsamba m'mbali mwa minda. Mukapita kumunda kuseri kwa Chinsapo, ana asakumbe mizu yake. Ndi poizoni woopsa.