Lipoti ndi laulere pa intaneti, koma pepala alipira ndani?

Pa 6 Febuluwale 2013, loya Robert Francis adatulutsa lipoti la kafukufuku wa nkhanza ndi kulekerera zomwe zinkachitika pachipatala cha Stafford ku England, komwe odwala ena ankasiyidwa ndi ludzu, ena n'kumagona m'zofunda zomwe adziyipitsira popanda wowasintha. Lipotilo lidali mabuku atatu ndi chidule chake, masamba oposa 1,700, ndipo lidapereka mfundo 290 zofunika kukonza. Tsiku lomwelo aliyense wokhala ndi intaneti akadatha kulitenga osalipira kalikonse.

Namwino amene wangoweruka ntchito ya usiku sangawerenge masamba ochuluka chonchi pafoni. Wophunzira za udokotala amafuna kutsegula masamba awiri nthawi imodzi n'kuyerekeza manambala. Anthu otere amathera ku laibulale ya pachipatala, ndipo funso lawo n'lakuti, kodi muli nalo la papepala?

Kale funsoli silinkavuta. Boma la Britain lidali ndi ofesi yakeyake yosindikiza mabuku, HMSO, yomwe idakhazikitsidwa mu 1786, ndipo malaibulale ankagula kapena kulandira malipoti kuchokera kumeneko. Mu 1996 mbali ya malonda ya ofesiyi idagulitsidwa n'kukhala kampani ya TSO. Kenaka maunduna adayamba kuona kuti kuika lipoti pa intaneti n'kotchipa kusiyana n'kudinda mabuku zikwizikwi, ndipo zikalata zambiri zidayamba kutuluka ngati PDF basi.

Ndalama yosindikizira sidathe ayi, idangosamuka. Idachoka m'thumba la unduna n'kugwera laibulale. Woyang'anira laibulale tsopano amasankha yekha: kudinda lipotilo pa pulinta ya muofesi, kulimanga ngati buku n'kuliika pa shelefu, kapena kugula kwa makampani amene ntchito yawo n'kudinda zikalata za boma zopezeka pa intaneti, monga Dandy Booksellers ya ku London. Lamulo silimuletsa, chifukwa chilolezo cha Open Government Licence cha mu 2010 chimalola kukopera zikalata zambiri za boma. Chomwe chimaletsa ndi mtengo wa inki ndi mapepala. Ndipo malipoti ambiri amadzaza ndi zithunzi ndi mizere ya mitundumitundu, zomwe zikadindidwa ndi inki yakuda yokha munthu sangasiyanitse mzere wa imfa za amayi ndi wa imfa za makanda.

Pali chifukwa china chofunira pepala, cholemera kuposa kutopa kwa maso. Zikalata za pa intaneti zimasuntha. Tsamba la GOV.UK litatsegulidwa mu Okutobala 2012, maunduna adasamutsira zinthu zawo kumeneko, ndipo Unduna wa Zaumoyo udatero mu 2013. Bungwe la Public Health England lidakhazikitsidwa chaka chomwecho, n'kuthetsedwa mu 2021. Kusintha kulikonse kotere kumasiya maadiresi akale osatsegulanso kanthu, ndipo wofuna lipoti lakale amayenera kukalisaka mu UK Government Web Archive, nkhokwe ya masamba akale a boma yomwe amasunga a National Archives ku Kew. Choipiratu, chikalata cha pa intaneti chingathe kukonzedwa mwakachetechete. Wofufuza chifukwa chomwe wodwala adapatsidwira mankhwala akutiakuti zaka zisanu zapitazo amafuna malangizo monga adalembedwera nthawi imeneyo, osati monga alili lero.

Asatero wina kuti nthawi ya mapepala zonse zidali bwino. Mu Ogasiti 1980 boma la Margaret Thatcher lidatulutsa lipoti la Sir Douglas Black, losonyeza kuti osauka amadwala ndi kufa msanga kuposa olemera. Boma silidakondwe nalo. Lidapanga makope 260 okha n'kuwatulutsa nthawi ya tchuthi, kufikira kampani ya Penguin idalisindikiza ngati buku mu 1982. Masiku ano kubisa lipoti mwa njira imeneyo n'kovuta, ndipo apa intaneti yathandiza ndithu.

Britain idayesa kutseka mpata wa kusowa kwa zikalata za pa intaneti ndi lamulo. Kuyambira pa 6 Epulo 2013, British Library ndi malaibulale ena asanu, a ku Edinburgh, Aberystwyth, Oxford, Cambridge ndi Dublin, ali ndi mphamvu yotolera ndi kusunga zolembedwa zotuluka pa intaneti. Koma zambiri mwa izo zimawerengedwera pa makompyuta a m'malaibulale omwewo, kutanthauza kuti namwino wa kuchipatala chakutali sizimufika. Ndiye mu Okutobala 2023 mbava za pa intaneti zidathyola makompyuta a British Library, nkhokwe ya zolembedwazo n'kutsekeka kwa miyezi yambiri.

Nkhaniyi ikutikhudzanso kuno ku Malawi. Malipoti a Malawi Demographic and Health Survey, omwe adayamba mu 1992, ambiri amawatenga patsamba la DHS Program, ntchito yomwe idaima mu Febuluwale 2025 thandizo la USAID litadulidwa.

Palibe laibulale yomwe ingadinde chilichonse chomwe boma latulutsa, ndipo palibenso chifukwa chotero. Koma malipoti akuluakulu ndi malangizo a kaperekedwe ka mankhwala ayenera kukhalapo pa shelefu, ndipo unduna womwe wawalemba ndiwo uyenera kulipira kudinda kwake.