Kuwilitsa Madzi Kumapha Tizilombo, Koma Sikucotsa Zitsulo

Madzi a m'mipopi yathu kuno ku Kwacha amacokela mumtsinje wa Kafue. Asanafike kwa ife, a Nkana Water amawayeletsa. Coyamba amathilamo mankhwala amene amaundanitsa tumatope kuti tumile pansi. Kenako madziwo amasefedwa mumcenga, ndipo pomaliza amathilamo klolini kuti aphe tizilombo toyambitsa kolela ndi matenda ena otsegula m'mimba.

Koma pali zoipitsa zina zimene klolini sangaphe, cifukwa zilibe moyo. Pa 18 February 2025, damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linagumuka. Madzi a asidi anatsikila mumtsinje wa Mwambashi mpaka kufika mu Kafue. Nsomba zinafa, ndipo madzi a m'mipopi anatsekedwa mu Kitwe. Asidi amasungunula zitsulo monga kopa, ndipo zimasakanikila m'madzi monga mmene mcele umacitila. N'cifukwa cake mumtsinje anathilamo laimu. Laimu amathetsa mphamvu ya asidi, zitsulo zambili n'kukhazikika pansi.

Tizikumbukila kuti tikawilitsa madzi otele, nthunzi ndiyo imacoka, zitsulo zimatsala mumphika. Conco madzi a pacitsime tiziwawilitsa, kapena tizithilamo klolini n'kudikila mphindi 30, kuti tizilombo tife. Koma akalengeza kuti mtsinje waipitsidwa ndi zinyalala za mgodi, tisatungemo madzi akumwa kapena ophikila, ngakhale aoneke oyela bwanji.