Kuweta Nsomba za M'galasi Popanda Hita Kapena Sefa

M'mawa wina wa mwezi wa Julayi, chiperoni chitakuta phiri la Soche, mwana wathu wamng'ono analowa kukhitchini maso ali ndi misozi. "Amayi, bwanji nsomba zonse zagona pansi?" Tinathamangira pabalaza. Mwa mbuna 6 zimene tinagula mu Epulo, zinayi zinali zitafa, ndipo ziwiri zotsalazo sizinafike Lamlungu. Ndalama zinapita, mwana anakana phala, ndipo ife amene timaphunzitsa anzathu za ukhondo ndi chisamaliro cha pakhomo kuno ku Naperi tinachita manyazi.

Nsombazo sizinalakwe kanthu. Tinalakwa ndife, chifukwa tinasankha ndi maso osafunsa kuti zimakhala m'madzi otani.

Mbuna ndi nsomba zokongola za m'miyala ya m'Nyanja ya Malawi, ndipo ndi zina mwa zimene zinachititsa kuti malo otetezedwa a Lake Malawi National Park akhazikitsidwe mu 1980, kenako n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Kampani imene anayambitsa Stuart Grant ku Kambiri, m'boma la Salima, yakhala ikutumiza nsomba zoterezi kunja kwa zaka zambiri. Koma kwawo kwa mbuna n'kotentha. Madzi a pamwamba m'nyanjamo amakhala pakati pa madigiri 24 ndi 29. Mzinda wa Blantyre uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira kufika madigiri 13, nthawi zina kutsika kuposa pamenepo. Nsomba sizitha kudzitenthetsa thupi ngati ife. Madzi akazizira, izonso zimazizira, zimasiya kudya, matenda n'kuzilowa. Ku Ulaya amene amaweta mbuna amaika hita m'madzi. Kwathu kuno, komwe magetsi amazimazima ndipo mayunitsi timachita kuwerengera, nzeru ndi kusankha nsomba zoti zikhoza kukhala popanda zipangizozo.

Sankhani nsomba zopirira kuzizira

Nsomba yodziwika kwambiri ndi goldfish. Imapirira kuzizira, koma imadya kwambiri, imaipitsa madzi msanga, ndipo imakula kupitirira masentimita 15. Kuiika m'kabotolo n'kuizunza. Yabwino kwa oyamba kumene ndi kansomba kochokera ku China kotchedwa White Cloud Mountain minnow, kamene kamasangalala m'madzi a madigiri 14 mpaka 22. Palinso zebra danio, ya mizeremizere, yochokera ku India ndi mayiko oyandikana nawo, imene imapirira mpaka madigiri 18. Ma guppy amaswana mosavuta koma chisanu cha Juni chimawavuta, choncho amafuna chipinda chofundirapo. Musanapereke ndalama, funsani wogulitsa dzina la nsombayo ndi kutentha kumene imafuna. Akalephera kuyankha, bwererani nazo ndalama zanu.

Thanki ikhale yaikulu, nsomba zikhale zochepa

Ambiri timaganiza kuti kathanki kakang'ono n'kosavuta kusamala. Si choncho. Kapu ya tiyi imazizira msanga kuposa mphika wa phala. Madzi ambiri sazizira mwadzidzidzi, ndiponso sada msanga. Ife tsopano tili ndi thanki ya malita 60, ndipo muli tinsomba 8 tokha. Sankhani thanki yotambalala, osati yaitali ngati mtsuko, chifukwa mpweya umalowa m'madzi kudzera pamwamba. Kumbukiraninso kuti malita 60 a madzi amalemera makilogalamu 60. Pamafunika tebulo lolimba loti mwana sangagwetse.

Iikeni patali ndi chitseko komanso pamene dzuwa siliwomba mwachindunji, chifukwa mu Okutobala nyumba zathu za malata zimatentha ngati uvuni. Mu Juni, vindikirani pamwamba ndi kufunditsa thankiyo bulangete lakale usiku, n'kusiya kampata kolowera mpweya. Musathiremo madzi otentha a m'ketulo. Kusintha kwadzidzidzi kumapha nsomba kuposa kuzizira kwenikweniko.

Sefa yake ndi zomera, miyala ndi manja anu

Zoipa za nsomba ndi zakudya zotsala zimatulutsa poizoni wotchedwa amoniya. M'thanki yokhazikika mumakhala tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso, tomwe timamatirira pamiyala ndi pamchenga. Timeneti timasandutsa amoniya kukhala zinthu zosaopsa kwambiri, zimene zomera za m'madzi zimayamwa ngati feteleza. Katswiri wina wa ku America, Diana Walstad, anafotokoza njira imeneyi m'buku lake la mu 1999, Ecology of the Planted Aquarium. Tizilomboti timatenga masabata 4 mpaka 6 kuti tichuluke. Choncho yambani ndi mchenga, miyala ndi zomera, muziponyamo kachakudya pang'ono, nsomba zibwere pambuyo, ziwiriziwiri kapena zitatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo asanu a madziwo n'kuthiramo ena. Ife timachita zimenezi Lachisanu m'mawa, pamodzi ndi ntchito zina zokonzekera Sabata, ndipo madzi akalewo timathirira mpiru kuseri kwa nyumba. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, amene amatiteteza ife ku kolera koma amapsereza makha a nsomba. Atungeni dzulo lake, akhale m'ndowa maola 24 kapena kuposerapo, pafupi ndi thankiyo kuti kutentha kwake kufanane. Musatsuke miyala ndi sopo, ndipo musasinthe madzi onse nthawi imodzi, chifukwa mukatero mwapha tizilombo tija.

Dyetsani kamodzi patsiku, chakudya choti zimalize m'mphindi ziwiri. Nsima ndi buledi zimaola m'madzi. Ana amakonda kudyetsa, choncho sankhani mmodzi woyang'anira. Mukaona nsomba zikupumira pamwamba, dziwani kuti madzi aipa kapena mpweya wachepa. Sinthani gawo la madzi tsiku lomwelo ndipo musazipatse chakudya.

Tetezani banja lanu

Musakatole zomera, mchenga kapena nkhono mumtsinje wa Naperi kapena wa Mudi, ngakhalenso m'mphepete mwa nyanja. Nkhono zina za m'madzi zimasunga tizilombo ta likodzo, timene timalowa pakhungu la munthu. Ndowa ya madzi odikirira ija muziivindikira ndi nsalu kuti udzudzu usaikiremo mazira. M'thanki momwemo musade nkhawa, chifukwa nsomba zimadya timphutsi ta udzudzu. Aliyense wopisa dzanja m'madziwo asambe m'manja ndi sopo akamaliza, ndipo amene ali ndi bala asapisemo.

Mukatopa nazo, patsani mnzanu. Musataye nsomba kapena zomera zachilendo mumtsinje. Tonse tikudziwa mmene namasupuni wavutitsira mtsinje wa Shire, chonsecho anachokera ku South America ndipo anafalikira m'mayiko ambiri ngati duwa lokongoletsa.

Patha zisanu ziwiri tsopano chiyambireninso, ndipo sitinatayepo nsomba chifukwa cha kuzizira. Mwana uja ndiye amayang'anira zodyetsa, ndipo madzulo a Juni sagona asanafunditse thanki yake. Mbuna tidzakaziona kwawo ku Cape Maclear tikadzapeza ya basi.